Mbaula Yogula Katatu

Pamzere wa minibasi ku Kumasi, Afrakoma, mayi wootcha nthochi, anatula pansi mbaula yakale yadongo. Bambo wina wachikulire anawerama n'kuigogoda ndi chala.

"Mwagula zingati, mayi?"

"Masidi makumi asanu."

"Akuberani. Tamvani kulira kwake. Dongoli ndi long'aluka m'kati."

"Mng'aluwo ndikuudziwa. Ngakhale waya wa pachogwirirapo ndinamanga ndine."

"Ndiye kuti ndi yanu?"

"Yanga. Aka n'kachitatu kuigula. Bambo akunyumba mowa ukawaitana, amakaigulitsa kwa ogula zakale."

"Aa, pepani. Bwanji osangogula yatsopano?"

"Zatsopanozi zimadya makala. Iyi mukaikamo odzaza manja awiri, nthochi zipsa mpaka madzulo."

"Ndiye mukasakanize dongo ndi phulusa, mumate, iume pamthunzi masiku atatu. Ikongola ndithu."

"Ndi mmene ndinkachitira, bambo. Ndikaimata n'kuipaka penti, mtengo umakwera, iwo n'kuinyamula. Ulendo uno ndiisiya chomwechi."

"Yong'aluka?"

"Eetu. Kwathu chimene chimakhalitsa n'chimene palibe angachigule. Ine ndakhalako zaka makumi awiri."