Wosakongola Samudziwa Kuno

Pa siteji ya basi ku Tottenham m'chaka cha 2006, mtsikana wovala yunifolomu ya osamalira okalamba anadula foni n'kupukuta misozi. Mayi wina wachikulire, amene anamumva akuyankhula Chichewa, anasendera pafupi.

"Pepani mwanawe, kwagwanji?"

"Andikananso nyumba, amayi. Akuti dzina langa silikupezeka pa za kirediti, m'kaundula wa mbiri ya ngongole. Koma ine chibadwire sindinakongolepo kanthu."

"Vuto ndi lomwelo. Kwathu wosakongola timamulemekeza, kuno samudziwa n'komwe."

"Ndimafuna mwana wanga abwere kuchokera ku Zomba. M'kachipinda ndikukhalamo tilimo atatu, sangandilole kumuitanitsa."

"Ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi. Ndinamusiya akuyamba kumene kuyankhula."

"Nanenso ndinadutsa momwemo. Choyamba kalembetseni m'kaundula wa ovota, adziwe pomwe mumagona. Foniyo ikhale ya kontirakiti, yolipira pamwezi, m'dzina lanu. Kenako mukapemphe ku banki kakhadi ka kirediti kakang'ono. Muziguliramo zapakhomo zokha, mwezi ukatha n'kubweza zonse, osachedwa ngakhale kamodzi."

"Bambo anga atamva kuti ndikukongola dala, sangagone."

"Muwauze kuti mukumanga dzina. Chimenecho achimva."

"Zimatenga nthawi yaitali?"

"Sindikunamizani, chaka chikhoza kutha. Ndipo musamapemphe uku ndi uku, amayesa kuti zakuvutani."

"Nanga inu, mwana wanu anabwera?"

"Anabwera. Pano ndikamuyankhula amandiyankha m'Chingerezi, koma tsiku lililonse ndimamudzutsa ndekha kuti apite kusukulu."