Mbewu Yopaka Utoto ya Alamu Anga

Aleluya mpingo! Ndikupatsani moni abusa, amayi abusa, akulu ampingo ndi inu nonse abale ndi alongo. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire ndikamalankhula mokweza, chifukwa nkhaniyi ndikaikumbuka mseru umandibwerera.

Ambiri mukudziwa kuti bambo a kwathu, amuna anga, anatisiya. Ine ndinali pachitengwa, kwawo kwa amuna anga, ndi ana atatu. Maliro atatha, alamu anga, akulu awo a malemuwo, anandiitana. Anati, "Mlamu, musapite kwanu. Khalani m'nyumba momwemo, ndipo mudzigulitsa mushopu yanga." Shopuyo ili pa Chamama, yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a fodya. Ndinagwada pansi abale, ndinalira. Ndinati Mulungu wandikumbukira kudzera mwa munthu uyu. Ana anga anapitiriza sukulu, sopo sankasowa pakhomo. Zimenezo sindingakane, anandichitira.

Tsono itakwana nyengo yotentha ija, anthu akukonza minda kudikira mvula, tsiku lina masana ndinapita kunyumba kwa alamuwo kukatenga makiyi a kusitolo. Pakhomo panalibe munthu. Ndinamva mawu kuseri, m'chigafa chomwe amayanikamo fodya, ndiye ndinalowera komweko.

Amayi, zimene ndinaona! Alamu anga ndi akazi awo atawerama pabafa lalikulu, manja ali psuu. M'bafamo munali chimanga cha munkhokwe, chakale, chofumbwa, anankafumbwe akuyenda pamwamba. Ankathiramo utoto wofiira uja timapaka pasimenti, n'kumatakasa ndi manja. China anali atachiyanika pamphasa. Pambali panali mulu wa mapaketi a mbewu opanda kanthu, otoleza m'midzi, ndi simbi ya makala yomatira kukamwa kwa mapaketiwo. Fungo la chimanga chovunda linali litasakanikirana ndi la utoto.

Ndinati, "Alamu, ichi n'chiyani?"

Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anaseka. Anati, "Mwaona eti? Chabwino, ndinu wapabanja. Iyi ndi mbewu. Mawa ikhala pashelefu."

Ndinati, "Koma ndi yofumbwa. Simera iyi."

Iwo anati, "Ina imera. Chimanga ndi chimanga, mlamu. Kodi ifeyo tikapita ndi fodya kumsika, ogula amatimvera chisoni? Aliyense amadya mnzake. Bizinesi si tchalitchi."

Ndiye alamuwo anasamba m'manja, nandiyandikira, nayamba kulankhula mofatsa ngati mlaliki. Anati, "Taganizani bwino. Mlimi mmodzi akagula paketi imodzi, wataya pang'ono. Koma kuno kukudya anthu angati? Ana anu, ana anga, apongozi anu okalamba aja. Ndipo tchimolo si lanu. Wopaka ndine. Inu ingolandirani ndalama, musanene kanthu. Chakhumi ndimapereka ine, simudziwa?"

Chakhumi, abale! Chakhumi cha anankafumbwe! Ndinatuluka m'chigafamo, ndinakasanza kuseri kwa khola la mbuzi.

Komatu ndisakunamizeni kuti zinali zophweka. Mawu aja anandilowa. Ndikayang'ana ana anga akudya, ndinkadzifunsa kuti ndikayankhula, awa adzagona kuti? Munthu amene anandisunga pamene abale anga enieni anali chete, ndimuyalutse? Ndinaimbira foni mkulu wanga wa ku Kaomba. Iye anati, "Iwe, usapse ndi moto wa eni. Uzigulitsa feteleza yekha. Wofuna mbewu uzimuuza kuti adikire eni shopu." Ndinaona ngati nzeru. Manja anga akhala oyera, ana adya. Koma mumtima munali mawu ena ondifunsa kuti, ukamuona munthu akupita kukagwa m'dzenje, iwe n'kuyang'ana kumbali, ndiye kuti wayera? Ndinapemphera, koma yankho silinabwere msanga. M'mawa mwake ndinapita kushopu ndisakudziwa chochita.

Mapaketi aja ndinawapeza atandandalikidwa bwinobwino, owala ngati enieni. Alamu anali panja akucheza ndi anzawo. Kenaka kunalowa bambo wina ndi mkazi wake, mwana ali kumsana. Anali tenanti wa pa esiteti ina ya fodya, wochokera kumpoto, Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka. Anandiuza kuti bwana wake wamubwereka kamunda kakang'ono, ndipo akufuna chaka chino ana ake adyeko chimanga chawochawo, osati cha ngongole.

Ndinati, "Dikirani eni shopu, bambo."

Iye anati, "Yayi mama, ine nabwerera imwe. Kumudzi amanena kuti pa Chamama pali shopu yogulitsa mayi wopemphera, uja amavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi. Amati kumeneko sanama. Ndisankhireni inuyo yabwino."

Mpingo wa Mulungu, mwamva? Pomwepo maso anga anatseguka. Ndinakumbuka kuti alamu ankakonda kundiuza kuti tsiku la mapemphero a amayi ndisamavule yunifolomu, ndizibwera nayo kushopu. Ine ndinkati amalemekeza Mulungu. Ayi! Ndinali nyambo. Umasiye wanga, yunifolomu yanga, dzina la Yesu limene ndimaitana, zonsezo anaziika pakauntala kuti zikole amphawi. Ndinadziona ngati ndadzola zonyansa thupi lonse.

Sindikudziwa kumene mphamvu zinachokera. Ndinatenga paketi imodzi, ndinaing'amba ndi mano, ndinakhuthulira m'beseni la madzi osamba m'manja. Madzi anafiira nthawi yomweyo. Chimanga chinayandama, chobookabooka, mkati muli ufa wokhawokha. Ndinati, "Bambo, onani. Musagule muno. Pitani kwina."

Mkazi uja anafuula, "Mayo ine!" Anthu anathamangira kudzaona. Alamu analowa, nkhope itasintha. Anati, "Mlamu, mwapenga?"

Ndinati, "Alamu, munandisunga, ndipo ndikuthokoza. Koma nkhope yanga simuigulitsanso."

Tsiku lomwelo ndinapita kwa alangizi a zaulimi kukanena, chifukwa mapaketi ena anali atagulidwa kale ine ndisanafike kushopu, ndipo anthu anayenera kudziwa asanadzale. Anabwera ndi apolisi, analanda mapaketiwo, alamu n'kuwatengera kupolisi. Koma musaganize kuti nkhani inathera pokoma. Sanakhalitse, anatuluka. Banja linakhala pansi, ndipo woweruzidwa ndinali ine. Apongozi anga enieni anandiloza chala, amvekere, "Wosayamika iwe, waluma dzanja lokudyetsa." Ena anati ndine mfiti, ndinadya mwamuna wanga, tsopano ndikufuna kudya mlamu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za anthu ogula aja. Ndi mmodzi yemwe! Anandilanda nyumba. Katundu wanga anamuponya panja mvula yoyamba ikugwa.

Kodi mukudziwa amene Mulungu anamutuma? Bambo wina wachisilamu wa golosale pafupi ndi shopu ija, amene ndinkangopatsana naye moni. Anandipeza nditakhala pamtolo wa zovala ndi ana anga. Anati, "Mayi, ndinaona zimene munachita. Kwathunso chinyengo cha pamalonda ndi tchimo lalikulu. Kuseri kwa golosale kuli chipinda, khalanimo. Pakhonde panga muziyalapo malonda anu." Ndinayamba ndi tomato ndi usipa. Lero ndikugulitsanso nyemba ndi mtedza, ndikuchita lendi kanyumba kangakanga, ana sanasiye sukulu. Sindine wolemera, mukundiona nokha nsapato zangazi. Koma chimene ndayika pa mbale yoyezera ndi chomwecho, ndipo ndikamadya chakudya chimatsika.

Shopu ya alamu ikadali yotsegula. Inde, ikadalipo, anangoipaka penti wina. Ndinkadutsa pamenepo mtima ukuwawa, ndikufunsa Mulungu kuti bwanji oipa akunenepa. Tsono mverani zimene zachitika sabata yathayi. Akazi awo a alamu aja anabwera pakhonde panga, atafunda chitenje kumutu kuti anthu asawazindikire. Ndinaganiza kuti abwera kudzapepesa. Anandinong'oneza kuti, "Amake ana, inu mumadziwana ndi ogulitsa okhulupirika. Mbewu yeniyeni tingaipeze kuti? Tikufuna yodzala kumunda kwathu. Masiku ano anthu ndi akuba, sungadziwe."

Abale, anthu ndi akuba! Akutero iwowo! Ndinawayang'ana. Ndinafuna kuwalavulira, ndikunena zoona pamaso pa Mulungu. Koma Mzimu anandigwira pakamwa. Ndinanyamuka, ndinawaperekeza kushopu yoona, anagula mbewu yawo. Potuluka ndinangowauza kuti, "Mmene mwaoperamu, ndi mmene amaopera wina aliyense wolowa mushopu mwanu." Anapita ataweramitsa mutu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsa pakauntala paja ndisanagulitse njala kwa mwana wa munthu. Ndikuthokoza kuti sanandisiye panja ndi ana anga. Alamu anga muwapempherere, ine pandekha zikundivutabe, mundithandize. Koma lero ndaima pano mfulu. Amayi, imbani nthungululu! Abambo, ombani m'manja! Imirirani nonse mukondwere nane, chifukwa Yehova wandisambitsa. Aleluya! Amen.