Apongozi m'lole yatsopano

Zikomo aulutsi, ndiwerengereniko yangayi. Ndine mayi wachikulire wa ku Nsaru.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, amuna anga ankayendetsa lole ya mwini sitolo wina. Itabwera yatsopano, ankayisamala ngati khanda. M'mawa uliwonse ankayang'ana oyilo ndi madzi, ndipo sankayithamangitsa. "Injini yatsopano imayamba yakwawa," ankatero. "Ukayikakamiza imafa isanakhwime."

Tsiku langa lochira litafika, zinthu zinavuta. Azamba anagwa mphwayi, nati tithamangire kuchipatala cha mishoni ku Namitete. Anandikweza kutsogolo, amayi anga atandigwirizira. Kumbukirani kuti kalelo mkamwini ndi apongozi sankayang'anana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Tsikulo anakhala mpando umodzi, amayi atadziphimba mpango kumaso.

Ine ndikubuula, lole inkangoyenda mwachizolowezi chake, pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi amayi anavundukula mpango uja, nayang'ana amuna anga m'maso.

"Bambo, kodi khanda lanu ndi liti, lachitsuloli kapena lili m'mimbamu?"

Amuna anga anaponda kilatchi, nakankha giya, naponda mafuta mpaka pansi. Mayo ine! Mitengo inayamba kuthawira kumbuyo, zigafa za fodya zikungoti fyuu kudutsa. Ululu ndinauiwala, ndinangoti kukamwa yasa. Sindinkadziwa kuti pansi pano pali liwiro lotere.

Mwana anabadwa wamoyo titangofika. Amayi anatuluka panja, nagwada pafumbi kutsogolo kwa loleyo, nayiombera m'manja ngati munthu wamkulu. Kenaka anangomulambalala mkamwini wawo. Mpango unali utabwerera kale kumaso.