Chithunzi cha pa dambwe

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Yohane wa ku Nsaru, yemwe uja munkamutcha wa satana. Musagwetse nkhope, ndikudziwa kuti ena mwa inu munali m'gulu la onditcha choncho. Lero ndikufuna ndichitire umboni mmene chimbale cha nyimbo zanga chinavulitsira amayi anga yunifolomu ya mumpingo, ndi mmene Mulungu anawabwezera.

Inali nthawi ya matepi. Ine ndi anzanga a ku Lilongwe tinali ndi bandi yoimba roko, nyimbo za magitala okalipa zija, ndipo tinajambula chimbale mu situdiyo ina m'tauni. M'nyimbomo munalibe choipa. Tinkaimba za fodya wobwezedwa ku okushoni, za njala, za anyamata ongoswera pakhonde la sitolo. Koma muulutsi wina wa pawailesi anaika nyimbo imodzi n'kuidula pakati, akuti ikumveka ngati chigayo chameza mwala. Ogulitsa matepi anatibwezera katundu wathu. Ndikakwera minibasi, kondakitala ankakuwa kuti abwana a phokoso afika. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni, ndinkangoti anthuwa sadziwa nyimbo.

Chimene chinatigwetsa ndi chithunzi cha pachikuto. Tinkafuna malo a mitengo ikuluikulu, ndiye ndinawatengera anzanga ku kankhalango kena cha ku Kabudula. Ine ndine mwana wa mphunzitsi, ndinakulira pasukulu ndi kutchalitchi basi. Sindinadziwe kuti pamenepo ndi pa dambwe, pomwe a gule wamkulu amavalira. Tinaima pamenepo titavala zakuda, n'kujambulitsa monyadira.

Tepi itafika ku Nsaru, mkulu wa mpingo wina, a Kamwendo, anaizindikira mitengoyo. Sabata isanathe mbiri inali ponseponse, yoti mwana wa aNangozo walowa gule ndipo wasakaniza ndi usatana wa m'tauni. Ine akulu a mpingo anandidula mumpingo. Koma sanalekere pomwepo, anapita kwa amayi anga, mayi wamasiye amene anayamba kutumikira m'gulu la amayi ine ndisanabadwe, n'kuwauza kuti avule bulauzi yoyera ndi duku mpaka nkhani iweruzidwe. Akuti ankadziwa zanga koma ankabisa. Anzawo ankasuntha pabenchi iwo akakhala. Kumjigo ankachotsa ndowa zawo kuti zisagundane ndi ya amayi. Anthu opemphera amenewo! Ndikunena ine, nkhanza za munthu wonyamula Baibulo zimaposa za chidakwa.

Amayi sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Kodi Yohane, ndikafa mawa adzandiika opanda nyimbo, ngati wakunja, eti?" Anasiya kudya, anaonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri. Ndinapita kwa a Kamwendo kukalumbira kuti gule sindinalowe. Iwo anati, "Wolowa gule amavomera? Chithunzi chikunena chokha." Ndinatuluka, ndipo kunena zoona ndinkafuna kuwaswa gitala pamutu. Ndinakagwada m'munda wa mtedza n'kupemphera pemphero laukali. Ndinati Ambuye, ngati pali wolakwa langani ine, nanga mayi uyu wakulakwirani chiyani?

Tsiku la bwalo la akulu a mpingo linafika, ndipo aliyense ankadziwa kuti amayi achotsedwa ndithu. Nkhani ili mkati, pakhomo panalowa a Gwaza, oimba ng'oma za gule odziwika dera lonse, munthu amene anali asanapondepo m'tchalitchi. Anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Ndamva kuti mukutipatsa mwana amene si wathu," anatero a Gwaza. "Wolowa gule sangatengere alendo ndi kamera pa dambwe. Uyu ndi mbuli chabe. Tepi yakeyo ndaimva, ng'oma yake njakufa, wathu sangaimbe chonchija."

Ena anaseka mobisa. A Kamwendo anawafunsa mwaukali kuti nkhani za mpingo zikuwakhudza bwanji.

"Mkazi wanga atamwalira nonsenu munakana kufika pamaliro chifukwa kunali gule," anayankha a Gwaza. "ANangozo okha anabwera kudzatunga madzi. Ndiye muvule iwowo?"

Abusa anayang'ana akulu aja mmodzimmodzi, ndipo panalibe anadzutsa mutu. Anagamula kuti amayi alibe mlandu. Lamulungu lotsatira amayi anavala zoyera zawo n'kukakhala kutsogolo pakati pa omwe ankawathawa aja, ine ndili kumbuyo ndikulira ngati mwana.

Chimbale chija sichinagulidwe, ndipo bandi inatha. Ine ndinanyozedwa pamaso pa mpingo wonse kuti ndine mbuli yosadziwa ng'oma, koma ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha chipongwe chimenecho. Ndinkayembekeza kuti yankho lichokera pa guwa, Iye analitumiza kuchokera ku dambwe. Inu amene akunamizirani, kapena m'bale wanu akuvutika chifukwa cha dzina lanu, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo lituluke ndi mkwiyo. Iye amamva.

Koma ndisakunamizeni kuti mtima wanga unayera wonse. A Kamwendo sanapepese mpaka lero. Amayi amawapatsa moni ndi manja awiri, ine ndikawaona ndimakhota njira. Mundipempherere pamenepo.