Mbili ya a Stanislaus Daka, Ojambula a Khotakhota

Malemu a Stanislaus Daka anabadwa pa 9 Malichi 1961 ku Nyampande, ndipo anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine amene ndaimilila pano ndine Josphat Mumba, msuweni wao. Abanja andiuza kuti ndisabise kanthu, poti malemu naonso sankabisila munthu.

Sukulu anaphunzila kwao komweko mpaka giledi 7. M'chaka cha 1977 amalume ao, amene anali mmisili womanga nyumba, anawatenga pamodzi ndi mng'ono wao a Vitalis kuti awaphunzitse nchito. A Vitalis anagwila msanga. Khoma la malemu linkayamba bwino pansi, koma likafika m'chiuno linali litapendeka kale. Amalume atakalamba anapeleka levulo yoyezela khoma ndi zida zonse kwa a Vitalis, pamaso pa banja. Malemu ananyamuka osadya, nakwela njinga kupita ku Petauke. Nsanje imene anachoka nayo tsiku limenelo anakhala nayo moyo wao wonse.

Ku Petauke anapeza nchito yolemba zikwangwani za masitolo. Mu 1986 anakwatila amai Ennie Sakala ku tchalitchi cha Katolika. Chaka chomwecho a Vitalis anapatsidwa nchito yomanga nyumba za aphunzitsi, ndipo malemu atamva anatenga penti nakajambula pakhoma la sitolo ina ya simenti. Anajambula mmisili wa mutu waukulu ndi makutu otambalala, atamanga nyumba yonse naiwala chitseko, iye ali mkati akuitana anthu kuti amutulutse. Pansi analemba kuti Bambo Khotakhota. Aliyense wodziwa makutu a a Vitalis sanafunse kuti ameneyu ndani.

Zithunzi zinachuluka. Khotakhota wamanga masitepe othela kudenga. Khotakhota waika chimbudzi pakati pa chipinda chochezela. Khotakhota akuyeza khoma ndi botolo la mowa. Eni masitolo kuyambila ku Petauke mpaka ku Nyimba ankalimbilana kuti awajambulile, ndipo mabasi a ku Lusaka akaima, okwela ankatsika kukaseka. Malemu ankayembekeza kuti mng'ono wao asowa nchito. Zinachitika zosiyana. Anthu anayamba kufunafuna Khotakhota weniweni, ndipo ataona kuti nyumba zake ndi zowongoka, anamulemba nchito. A Vitalis anagula galimoto nalembapo dzina lomwelo. Malemu akaiona ikudutsa ankatembenukila kukhoma. Ankadandaula kwa ine kuti ngakhale dzina limene anapeka okha lapita kwa mng'ono wao, monga inapitila levulo.

Mu 2004 banja linasamukila ku Nyimba. Malemu anakana kuti a Vitalis awamangile, ngakhale anadzipeleka kumanga kwaulele. Anaumba njelwa okha, namanga okha. Mvula ya mu Januwale 2019 inagwetsa khoma la kuchipinda, ndipo amai Ennie anathyoka mwendo. Atatuluka m'chipatala anapita kukakhala kwa alamu ao a Vitalis, nanena kuti sabwelela m'nyumba yomangidwa ndi mkwiyo. Malemu anakhala okha pansi pa tenti mpaka mvula inatha. Pamapeto pake anatuma ine kukanena kwa mng'ono wao kuti malo alipo, ngati pali wina wofuna kumangapo. A Vitalis anamanga nyumba imene takhala panjayi. Malemu anayendela chipinda chilichonse, akugogoda makoma ndi kusuzumila m'makona, kufuna cholakwika. Atachisowa anangoti mawindo achepa.

Mu Okutobala 2023 anadwala sitiloko, dzanja lamanja linafa. Anaphunzila kujambula ndi lamanzele, ndipo mwana wao Goodness ankatumiza zithunzizo pafoni kwa anthu. Mizele inali yonjenjemela, koma makutu a Khotakhota sanachepe. Sabata yatha matenda anakula, tinawatengela ku chipatala ku Petauke. A Vitalis anakhala pambali pa bedi masiku onsewo, akuwamwetsa phala. Lachiwili malemu anawayang'ana nthawi yaitali, nawauza kuti amalume sanalakwitse posankha, koma kuti zimenezi asakauze munthu. Kenaka analamula kuti manda ao amange a Vitalis, ndipo amange mosamala, chifukwa iwo adzakhala pansi pomwepo akuyang'ana ngati khoma lapendeka. Anatisiya Lachinai, pa 14 Ogasiti 2025, ali ndi zaka 64.

Malemu asiya akazi ao amai Ennie, ana atatu, Goodness, Morgan ndi Yvonne, adzukulu asanu ndi awili, alongo ao atatu, ndi mng'ono wao a Vitalis, amene kuyambila mailo m'mawa ali kumanda ndipo akana kuti wina aliyense agwile njelwa.

Abanja akuthokoza madokotala ndi manesi amene anawasamalila, abambo a mpingo ndi a kwaya, amai a m'dela lino amene agona nafe pano, eni masitolo amene atseka lelo kuti adzapelekeze mnzao, ndi amisili onse amene malemu anawaseka koma abwela ndi mafosholo ao.

A Daka, msuweni wanga, nchito yanu yatha. Mulungu akulandileni, mukapumule mumtendele.