Nyumba yanga inabisika pansi pa mango

Abale anga mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Golomoti. Thokozani nane, chifukwa chaka chatha nyumba yanga inatsala pang'ono kugwetsedwa.

Ndimakhala kuseri kwa msika, kumene tinamanga aliyense pomwe anapeza. Atabwera anthu a mapulani kuti akonze misewu ndi ngalande, anaulutsa kandege kojambula malo onse kuchokera kumwamba. Tsono kanyumba kanga n'kaudzu, ndipo kali pansi pa mitengo itatu ya mango imene anadzala malemu amuna anga. Pachithunzipo panangooneka masamba okhaokha. Iwo poyesa kuti ndi patchire, analemba msewu wodutsa pomwe ndimagona.

Pepala la malo ndilibe, wondilankhulira ndilibenso. Nditamva za msewuwo, ndinapita kutchalitchi n'kulira kuti, "Ambuye, kodi nanunso mukungoona masamba?"

Kenaka a mapulani aja anaitanitsa msonkhano woti eni malofe tione mapu awo ntchito isanayambe. Ine ndinakhala kumbuyo. Amene anaimirira ndi a Nachisale, oyandikana nane nyumba, omwe takhala tikulimbana zaka ndi zaka pa nkhani ya malire ndi mbuzi zawo zosamva. Ngakhale moto sitinkapalana. Mumtima ndinati basi, lero andimaliza.

"Mapu anuwa akunama," anatero a Nachisale. "Pansi pa mangopo pali munthu, wolongolola zedi. Malire ake ndimawadziwa bwino, takhala tikukanganirana mpaka mawu kusasa. Dzukani ndikakuonetseni."

Anthu anafa nacho chiseko, koma tonse tinanyamuka, a mapulani akutitsatira. Tinayenda khomo ndi khomo, ndipo tinapezanso nyumba zina zobisika ngati yanga. Pomaliza tinagwirizana kuti msewu ukhotere kudzala lakale, ndipo a Nachisale analola kusuntha khola lawo kuti udutse bwino. Ndinalira ngati mwana, koma ulendo uno chifukwa cha chimwemwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasandutsa mikangano yathu kukhala umboni wanga. Inu amene mukuvutika, musataye mtima, ndipo akakuitanani kumisonkhano yotere muzipita. Thandizo lingachokere kwa munthu amene simupatsana naye moni.

Mango oyamba a chaka chino ndinatumiza kwa a Nachisale, lichero lodzaza. Anabweza lichero lopanda kanthu, ati mangowo anali owawasa. Ambuye awapatse moyo wautali, tizikanganabe.