Impso za Zaka Zingati?

Atelala analowa m'chipinda cha anesi tsitsi lopaka mankhwala lili bii ngati nsapato yopolisha, kudzamva zotsatira za magazi oyeza impso. Pabenchi panja panatsala mkazi wawo watsopano, yemwe atelalawo anamuuza kuti iwo ali ndi zaka fifite eyiti, ndipo mwatsoka chitsekocho sichinkatsekeka bwino.

"Zaka zingati, agogo?" anafunsa anesi, cholembera chili m'manja.

"Agogo ndani? Fifite eyiti."

"Munene zoona. Mphamvu ya impso timaiwerengera ndi magazi pamodzi ndi zaka."

"Mwanangu, ine ndimayeza anthu ndi maso, tepi osagwira. Lembani."

Anesi analemba, nadinadina kamakina kowerengera, kenako anapukusa mutu.

"Pepani, bambo. Impso zanu zatopa msanga. Zikusefa ngati za munthu wa zaka eyite."

Zaka zenizeni za atelala zinali eyite wani. Anasuzumira kuchitseko.

"Ndiye kuti zili bwinotu?"

"Mukanakhala wa eyite, bwenzi ndikuti pitani mukasangalale. Koma inu ndinu wamng'ono. Mchere muleke. Nyama yowotcha muleke. Kutenga magazi mwezi ndi mwezi."

Jakisoni ankamuopa atelala, koma za nyamazo ndi zimene zinawapweteka. Anakokera mpando pafupi.

"Tinene kuti sikisite faifi," ananong'ona.

"Mwakula zaka seveni muli pampando pomwepa?"

"Ndinaiwala zimene ndinakhala kwa amalume."

Anesi anadinanso. "Mchere woletsedwabe."

"Sevente."

"Mokweza, bambo, sindikumva."

"Sevente, iwe mwana. Ukufuna msewu wonse umve?"

"Sevente, nyama yoletsedwabe."

Thukuta lakuda linayamba kutsetsereka kuseri kwa khutu, n'kudetsa kolala imene anasoka okha. Anayesa kuganizira moyo wa ndiwo zopanda mchere, zinakanika.

"Eyite wani," anatero, maso ali pansi.

"Ayi, bambo, musadzikalambitse chifukwa cha nyama. Munanena nokha fifite eyiti, ndipo ndalemba ndi inki. Popanda mboni sindifufuta."

"Mboni ya ukalamba wanga womwe?"

"Eya. Anthu amanama kuno."

Atelala anaimirira, mawondo akulira, natsegula chitseko chonse.

"Mayi, tabwerani mumuuze mwanayu kuti ndine nkhalamba. Paja mano anga mumawatsuka ndinu m'kapu."